Laputopu ya pa Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amatilola kuchita manyazi koma satilola kufa nawo. Ndimthokoze chifukwa cha mpweya umene ndikupumawu, chifukwa cha mayi a kunyumba kwanga amene apirira nzeru zanga zoperewera zaka zonsezi, ndiponso chifukwa cha mwana wanga wamkazi amene lero ali pabanja pake mwamtendere. Zimene ndikufuna kukuuzani zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Kwathu kuno, kufupi ndi Thambani, palibe amene sazidziwa. Ndangoti ndizilembe ndekha, popeza aliyense amazikamba akuseka, ndipo ine kuseka kwake sikunandifikebe.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, ndimalima munda wa makolo ake, ndipo kumpingo ndine mlembi. Ndimatayipa zolengeza za Lamulungu ndi nyimbo za kwaya pa laputopu imene anandipatsa alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, atabwera kudzacheza kuchokera ku Joni kumene akhala nthawi yaitali. Inali yakale kale pamene inkafika m'manja mwanga, yolemera ngati njerwa, ndipo ikatentha inkalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Koma inkagwira ntchito, ndipo ndinkaikonda monga munthu amakondera khasu limene mpini wake unazolowera dzanja lake.

Alamu angawo ndiwo eni mbumba. Kwathu kuno mwana akamakwatiwa, bambo womubala alibe mawu. Amakhala pampando, amamwetulira, amalandira moni. Mawu ndi a amalume. Tsono mwana wathu atapeza mnyamata, wa ku boma, wogwira ntchito zolemba mapepala a magalimoto akuluakulu pa malire, alamu anali atagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Mbali imodzi ya thupi inazizira, lilime linalemera, ndipo za ulendo wobwera kumudzi panalibe.

Amalume a mnyamatayo amakhala tsidya lija la malire, ku Zobue. Ndi munthu wamkulu, wosunga mwambo, wosakonda zachidule. Anali atamva mphekesera zoti eni mbumba akhala chete chifukwa sakufuna ukwatiwu, ati matendawo ndi pobisalira chabe. Choncho anatumiza mawu omveka bwino: adzabwera ndi tambala monga mwa mwambo, koma sadzamupereka, ndipo sadzalandira thadzi lathu, pokhapokha ataona ndi maso awo nkhope ya eni mbumba akuvomera. Kupanda apo adzabwerera ndi tambala wawo.

Apa mpamene ine, munthu wopanda mawu, ndinapezera ntchito. Tinagwirizana kuti alamu adzaonekera pa laputopu, ali ku Joni komweko, ndipo nkhope yawo tidzaiwalitsa pa nsalu yoyera kuti onse aione. Kumpingo anatibwereka pulojekita ndi jenereta. Netiweki kwathu ndi yovuta, pabwalo siifika, motero kachipangizo kokokera netiweki tinakamangirira pansonga ya nsungwi yaitali pamwamba pa denga, chingwe chake n'kutsikira ku laputopu. Tinayesa Lamulungu lina masana, ndipo zinatheka. Alamu anaoneka pakhoma aakulu ngati chitseko, mayi a kunyumba n'kugwetsa misozi. Kuyambira pamenepo alamu anayamba kuphunzira mawu oti adzalankhule, liwu ndi liwu, akazi awo akuwathandiza, pakuti pakamwa pawo mawu ankatuluka movutikira ngati munthu akuzula chitsa.

Ntchito yanga inali imodzi yokha: laputopu iyake.

Koma panali kanthu kena kamene kankandisowetsa mtendere. Masiku a m'mbuyomo ndinali nditapita nayo laputopuyo ku boma, ku ofesi ya mnzanga wina kumene kuli intaneti yamphamvu. Chibwerereni kumeneko, nthawi iliyonse ndikaiyatsa pankatuluka kabokosi pakona, kolembedwa m'Chingerezi, kondiuza kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse yabwera yatsopano, yalowa kale m'kati, ikungodikira kuti ndivomere. Achinyamata amati apudeti. Panali mabatani awiri, lina loti tsopano, lina loti nthawi ina. Ine ndinkadina la nthawi ina. Mawa lake kabokosi kaja kabweranso, ngati munthu wopempha moto amene sadziwa kuti watopetsa.

Ndinafunsa mkulu wa mpingo mnzanga tikutuluka m'mapemphero a pakati pa sabata. Iye anagwedeza mutu.

"Achimwene, inu mumawerenga Malemba kuposa ine. Vinyo watsopano m'thumba lakale, mapeto ake mukuwadziwa. Chinthu chanucho ndi nkhalamba. Chisiyeni chife ndi nzeru zake zomwezo."

Ndinafunsanso bambo wina wachisilamu amene ali ndi kasitolo ka mabatire ndi machaja pa Thambani, munthu amene timapatsana moni tsiku lililonse la msika. Anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Amdala, ine zanga ndi mabatire. Koma chinthu chikamakupemphani m'mawa ndi madzulo, mwina chili ndi njala. Chipatseni, chikhale chete."

Kunyumba, mayi anandimvetsera akusenda chinangwa, osakweza n'komwe maso.

"Kodi ikudwala?"

"Ayi, siikudwala."

"Nanga mankhwalawo ndi a chiyani?"

Komabe mantha anga anali oti tsiku la mwambo kabokosi kaja kadzatulukira pakhoma, pamphumi pa alamu, alendo akuona, ngati wopemphapempha amene walowa pakati pa phwando. Ndinaipempherera nkhaniyi, inde ndinatero, ndipo sindikuchita nazo manyazi zimenezo, pakuti Iye amene amawerenga tsitsi la kumutu kwathu sanyoza zazing'ono. Koma yankho sindinalidikire bwino.

Tsiku la chinkhoswe linacha ndi fungo la dothi lonyowa. Azimayi anali atazira khonde ndi khoma la kumaso mpaka kusalala. Bwalo linasesedwa, zinyalala zonse n'kukatayidwa kuseri. Mbuzi inaphedwa m'mamawa. Aliyense anali atavala zatsopano: mayi a kunyumba ndi abale awo m'nsalu yofanana imene anakasankha ku boma, ana m'malaya onunkhirabe sitolo, ine m'suti imene telala anaibweza m'chiuno. Ngakhale mipando ya kumpingo inatsukidwa. Kwathu ndi mmene timachitira, tsiku lalikulu palibe chimene chimaonekera kwa alendo chili ndi litsiro la dzulo.

Ndinaika laputopu patebulo, ndinaipukuta ndi kansalu mpaka m'mipata ya mabatani, ndinalumikiza zingwe, ndinaliza jenereta. Zonse zinayaka bwino. Kenako kabokosi kaja kanatuluka, ndipo tsopano kanaoneka pa nsalu yoyera, kakakulu ngati lichero.

Ndinayang'ana bwalo lonse lowala, ndinayang'ana suti yanga, ndipo m'mtima mwanga munabwera fanizo lija la munthu amene analowa ku ukwati wopanda chovala cha ukwati. Ndinati, zoona, zonse pano zavala zatsopano, iyi yokha ikhale m'nsanza zake? Iyi imene inyamule nkhope ya eni mbumba? Ndinatsinzina, ndinanena pemphero lalifupi, ndinamva kupepuka m'chifuwa. Lero ndikudziwa kuti kupepuka kuja kunali kukoma kwa suti chabe, koma nthawi imeneyo ndinakutcha mtendere wa Mulungu. Ndinaganiza kuti itenga nthawi imene munthu amatenga posintha malaya. Ndinadina batani la tsopano.

Sikirini inada. Kenako inayaka mtundu wa buluu, pakati pali timadontho toyera tikuzungulira, m'munsi muli mawu ochenjeza kuti ndisaizimitse.

Galimoto la alendo linafika timadontho tija tikuzungulirabe.

Azimayi anawalandira ndi nyimbo ndi nthungululu. Amalume a mnyamata anatsika, munthu wamtali, wa chipewa chakuda ndi nsapato zowala ngati galasi. Pambuyo pawo panali nkhoswe yaing'ono, itakupatira tambala wofiira m'khwapa. Anawakhazika pa mipando ya kutsogolo, moyang'anizana ndi nsalu yoyera. Ine ndinali chilili pambali pa tebulo.

Poyamba palibe amene anadandaula. Atsikana anatuluka atafundidwa zitenje kuti akuchimuna asankhe mkazi wawo, anthu anaseka, anavina, mwana wanga anavundukulidwa n'kukhala pamkeka atazolika. Nthawi ya mawu itakwana, maso onse anatembenukira kukhoma. Kunali timadontho.

"Kodi amalumewo ndi amene akuzungulirawa?" anafunsa mayi wina wa kuchimuna, mokweza ndithu.

"Akuvina kaye, asiyeni!" anayankha wina kumbuyo, ndipo bwalo linaphulika ndi phwete.

Ndinaseka nawo ndi mano okha. Ndinagwira laputopu, inali yotentha ngati mwala wa pamoto. Mkulu wa mpingo mnzanga uja anafika pafupi, anayang'ana pasikirini, anayang'ana ine, n'kubwerera pampando wake. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Mayi a kunyumba anatuma atsikana kuti atulutse chakudya, kuti nthawi ipiteko. Amalume a mnyamata anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani amayi, ife sitisamba m'manja mawu asanathe."

Mbale zinabwerera. Dzuwa linafika paliwombo n'kuyamba kupendeka. Nyimbo zinatha, azimayi n'kuyambiranso zomwe zija, koma mawu atafooka. Tambala uja anali atayasamula kukamwa ndi kutentha. Jenereta inkangolira pachabe. Nditadutsa pafupi ndi mkeka, mwana wanga ananong'ona osadzutsa mutu.

"Ababa, mwaitani?"

M'mtima ndinali kufuula kwa Iye amene anaimitsa dzuwa, kuti aimitse ili, kapena afulumizitse laputopuyo. Koma timadontho tinkangozungulira pa liwiro lomwelo, topanda chifundo, topanda changu.

Kenako manong'onong'o anayamba kumbali ya alendo, ndipo ndinawamva bwino lomwe. Ati si tinanena, eni mbumba akana, awa akungobisala kumbuyo kwa makina. Amalume aja anayang'ana dzuwa, pakuti anayenera kuwoloka malire chipata chisanatsekedwe. Anaimirira, anakonza jekete, anavala chipewa chawo. Nkhoswe yaing'ono nayo inaimirira ndi tambala wake.

Ine bambo wa mwana, amene pamwambo wotere sindiyenera kutsegula pakamwa, ndinapita kukagwada pamaso pawo, bondo la suti m'fumbi, n'kuwomba m'manja.

"Asewele, pepani. Alamu sanakane. Ali pampando kumeneko chikhalireni m'mawa, akudikira. Amene walakwa ndine. Makinawa anali bwinobwino, ine ndinadina batani loti asinthe za m'kati."

Anandiyang'ana kuchokera pamwamba pa utali wawo.

"Lero lomwe, kumpadre?" anafunsa, kunditchula sewele m'chilankhulo cha kwawo tsidya lija.

"Lero lomwe."

"Munadiniranji?"

Ndikanatha kunena kuti ndinadina mwangozi, ndipo palibe akanatsutsa. Koma lilime linakana.

"Ndimati nayonso ivale zatsopano."

Kenako wina kumbuyo anatsamwa ndi phwete, ndipo linafalikira bwalo lonse ngati moto wa lupsa. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Amalume aja sanaseke. Anangopuma mozama n'kufunsa kuti, "Nanga nkhopeyo tiiona bwanji?"

Mkwati anati foni yake ingathe kuonetsa nkhope, koma pabwalopo inalibe netiweki ngakhale kadontho. Kachipangizo ka pansungwi kaja kankamvana ndi laputopu yokha. Aliyense wa pamudzi pathu ankadziwa pamene foni imagwira: pa chulu cha kuseri kwa nyumba. Nditatembenuka, ndinaona nkhope ya mayi a kunyumba itagwa ngati khoma lonyowa.

Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa chimene kuseri kuli. Mlendo wolemekezeka safika kumeneko. Ndiko kuli bafa la udzu ndi chimbudzi. Ndiko kuli dzala, ndipo tsiku limenelo linali litadzaza ndi zonse zimene tinasesa kumaso: mikeka yong'ambika, mapoto obooka, nthenga, zonyansa za m'mimba mwa mbuzi ija ntchentche zili ng'waa. Khoma la kuseri silinazilidwe, linali ndi mng'alu waukulu ndipo tinalichirikiza ndi mtengo. Pa chingwe panali zovala zathu za masiku onse, zazigamba, zimene tinazibisa kumeneko kuti zisaoneke. Umphawi wathu wonse tinali titausonkhanitsa malo amodzi.

Tinadutsa pamenepo pamzere. Patsogolo mayi a kunyumba, akukankha ndi phazi chigoba apa, chitini apo, ngati angathe kusesa dzala lonse ndi zala za kumapazi. Pambuyo pawo amalume a nsapato zowala, akusankha popondapo, maso atalunjika kutsogolo ngati sakuona kanthu. Ulemu wawo umenewo unandilasa kuposa kuseka kwa anthu aja. Kenako nkhoswe ndi tambala, mkwati ndi foni, ine kumapeto.

Pamwamba pa chulu, pafupi ndi khola la mbuzi, foni inagwira. Alamu anaoneka m'kagalasi kakang'ono ngati chikhatho. Anali atavala suti ndi tayi, koma tayiyo inali itapotoka, mutu utapendekera paphewa. Munthu wodwala anakhala pampando wouma kuyambira m'mawa, ndipo mphamvu zinali zitatha. Akazi awo ankawapukuta pakamwa ndi kansalu.

Amalume a mnyamata anavula chipewa, anagwira foni ndi manja awiri, anapereka moni wonse monga mwa mwambo, kenako anafunsa ngati eni mbumba akulola kuti mwana wawo atengedwe. Alamu anatsegula pakamwa. Ndinaona milomo ikufunafuna mawu aja anaphunzira, koma sanatuluke. Anayesanso. Pomaliza anakweza dzanja lawo lamoyo pang'onopang'ono, anagwedeza mutu, n'kutulutsa liwu limodzi lokha lolemera, loti eya.

"Taona, akulu, taona ndi maso athu," anatero amalume aja. "Obrigadu, zikomo. Pumulani tsopano."

Alamu anachita chizindikiro chofuna kuona abale awo. Mkwati anatembenuza foni uku ndi uku, koma abale ena onse anali kumaso kwa nyumba. Chimene alamu anaona cha kwawo, patapita zaka zonse zija, ndi khola, dzala ndi khoma long'aluka. Mlongo wawo, mayi a kunyumba, anakwera chulu, nsalu yatsopano ikukodwa mu minga, anayang'ana m'kagalasi muja, ndipo onse awiri anangoyang'anana mpaka netiweki inaduka.

Titabwerera kumaso, tambala anaperekedwa, thadzi analandiridwa, nthungululu zinamveka. Alendo anadya mothamanga n'kukwera galimoto kuti akapeze chipata chili chotsegula. Ukwati wa mwana wanga unaima, ndipo pa ichi ndimagwada mpaka lero.

Laputopu inamaliza azimayi akutsuka miphika. Pa nsalu yoyera panatuluka mawu aakulu ondilonjera, pamaso pa mipando yopanda anthu. Ndinazimitsa jenereta.

Ikugwirabe ntchito. Imachedwa kuyaka kuposa kale, ndipo zinthu zambiri zinasamuka malo, moti ndinatha masabata ndikusakasaka nyimbo za kwaya ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe. Kabokosi kaja sikatulukanso, koma pamabwera tina.

Mayi a kunyumba sanandikalipire. Tsiku lina tikupalira chinangwa anaima, anatsamira khasu, n'kunena akuyang'ana kutali:

"Achimwene anaphunzira mawu aja ngati mwana wa sukulu. Anandiyeserera pafoni kangapo. Anali mawu abwino, abambo. Munalinso inu m'menemo, ankakuthokozani polera ana a mbumba yawo."

Anaweramanso n'kupitiriza kupalira. Ine ndinakhala chilili, khasu lili m'manja, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Nditalimba mtima ndinakwera chulu chija ndekha n'kuwaimbira alamu kuti ndipepese. Ndinalankhula zambiri, za batani, za fanizo, za kupusa kwanga. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anayamba kulimbana ndi lilime lawo, ndipo ndinadikira, nditakonzeka kulandira chilichonse chimene chinkandiyenera. Mawu atatuluka anali akuti:

"Alamu... mbuzi zanu... zanenepa."

Ndinakhala pansi pa chulu pomwepo ndi kulira. Chilango munthu amachisenza n'kuchitula, koma chisomo chotere sudziwa pochiika.

Anthu a kumpingo akagula makompyuta amabwera kudzandifunsa, ena moona mtima, ena ndi kamwetulira kobisa, ngati avomere kabokosiko kakatuluka. Ine sindine katswiri. Ndimangowauza kuti kuvomera si tchimo ndipo kukana si chilungamo, koma asankhe tsiku limene palibe munthu aliyense akudikira kumbali inayo. Ndimawauzanso kuti amvere akazi awo.

Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akusungeni polowa ndi potuluka. Akupatseni mtima wodziwa kudikira yankho mukapemphera, ndi makutu osiyanitsa liwu lake ndi liwu la mtima wanu. Tsiku limene manyazi adzakupezani anthu akuona, akuikireni pafupi anthu oyang'ana kumbali mwaulemu, ndi abale okhululuka musanamalize kupepesa. Odwala anu awalimbitse, amene ali kutali awabweze kwawo akadali ndi mphamvu, ndipo mtendere wake weniweni ukhale m'nyumba zanu, kumaso ndi kuseri komwe. Amen.